Kalata yochokera ku Sapporo

Sapporo, Hokkaido
Januwale

Amwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti masitepe a nyumba ino ndikutsika chammbali, dzanja lili pakhoma, ndipo wandichititsa zimenezi ndi mnzathu wa ku Glasgow uja. Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinauona, uja munati "anthu mukudya bwino kunjaku" mutaona kavidiyo kake akutsetsereka pa sinowo, manja ali tambalala. Ndinayamba kukuyankhani pomwepo koma ndinaona kuti nkhani yake siyokwana pafoni. Kavidiyo kaja ndinajambula ndine, n'kamasekondi ochepa chabe, ndipo kanadukira pamene kanadukirapo chifukwa zimene zinatsatira mwiniwake sanalole kuti dziko lizione. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni tsiku lonse.

Mkulu ameneyu anatera pabwalo la ndege la New Chitose Lachinayi madzulo, maso ali psuu. Kuno tili patsogolo ndi maola 9 poyerekeza ndi ku Scotland, 7 poyerekeza ndi kwanuko, choncho thupi lake linkati kwacha pamene ife tinkasaka bulangeti. Ine ndinali nditakonza zomuyendetsa mumzinda muno pang'onopang'ono, aone yunivesite, adye ramen (manudo a mumsuzi), apume. Iye ayi. Ndisanamufunse n'komwe za ntchito yake ya kuchipatala, anali atayamba kale za Niseko, dera lamapiri kumene anthu amakatsetsereka pa sinowo. Akuti kwawoko (Glasgow tsopano amati kwawo, mumve) wakhala akupita ku mapiri a Glenshee ndi anzake a kuntchito nyengo yozizira ikafika, ndipo ski, masewera otsetsereka pa sinowo utavala timatabwa tiwiri tatitali kuphazi (natonso timatchedwa ski), amaidziwa. Anandionetsa ndi zithunzi zomwe. Sindinatsutse. Mukumudziwa munthu wake kuyambira kusekondale: akati chinthu amachidziwa, kumutsutsa n'kungosonkhezera moto. Komanso paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu wawoloka nyanja zonsezi kudzakuona, ungamumane phiri?

Mwayi wathu unali woti mu labu mwathu muli mkulu wina wa konkuno amene anakhalako ku Malawi zaka ziwiri, akuphunzitsa sayansi pasekondale ina ku Mpoto monga wodzipereka wa JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena. Anthu amenewa anayamba kubwera kwathu mu 1971, ndipo ukamayenda m'Japan muno umakumana nawo pamalo posayembekezeka, wina n'kukuponyera "muli bwanji" pakati pa sitolo. Awa Chichewa chawo chili ndi kafungo ka Chitumbuka, ndipo kwa iwo munthu aliyense ndi "achimwene", ngakhale pulofesa. Ife timangoti aphunzitsi. Anabadwira ku Otaru, ski anaiyamba asanayambe sukulu. Atamva kuti kwabwera mlendo wa ku Malawi anati galimoto ilipo, mafuta tigawana.

Tinanyamuka Loweruka kukali mdima. Kuchoka ku Sapporo kukafika ku Niseko ndi makilomita pafupifupi 100, maola awiri msewu ukakhala bwino, koma usiku wonse kunali kukugwa sinowo ndipo mbali yaikulu ya ulendo tinangotsatira chigalimoto chokankha sinowo. Tinadzera msewu nambala 230 wokwera pa Nakayama, pamene amagulitsa kachewere wokazinga wobaya pakamtengo wotchuka dera lonselo, koma tinadutsa asanatsegule. Pamwamba pa msewu, mbali zonse ziwiri, anapachika mivi yofiira ndi yoyera yoloza pansi. Mnzathu atafunsa ntchito yake, aphunzitsi anati imasonyeza pamene msewu wathera, chifukwa kukagwa sinowo wambiri, tala, ngalande ndi munda wa munthu zonse zimangokhala mbee.

Phiri limene anthu amatsetserekapo ndi Niseko Annupuri. Musaganize chiphiri chachikulu: nsonga yake ili pa mamita 1,308, kutanthauza kuti mayi wogulitsa mbatata paboma la Dedza ali pamwamba kuposa munthu amene waima pansongapo. Moyang'anizana nalo pali Yotei, la mamita 1,898, phiri lamoto loumbika bwino limene limakhala pachithunzi chilichonse chotsatsa malonda, koma mu Januwale limabisala m'mitambo masiku ambiri ndipo ife sitinalione m'pang'ono pomwe. Chimene chimakoka anthu kuchokera ku Australia, Hong Kong, Singapore ndi America ndi mtundu wa sinowo. Mphepo youma, yozizira koopsa, imachoka ku Siberia n'kuwoloka Nyanja ya Japan imene madzi ake ndi ofundirapo. Pamenepo imatola chinyezi, ndipo ikagunda mapiri a kumadzulo kwa Hokkaido imakwera m'mwamba n'kukhuthula zonse. Poti kumazizira kwambiri, sinowoyo amagwa wouma, wopepuka, wosamatana. Ukamufumbata kuti uumbe mpira amangoyoyoka m'manja. Utadzaza ndowa n'kusungunula, madzi ake sangafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Otsatsa malonda amati panyengo imodzi amagwa wokwana pafupifupi mamita 15, ndipo zikwangwani za m'mbali mwa msewu tinazipezadi zitakwiririka mpaka m'khosi.

Izi ndikukuuzani kuti mumvetse chimene chinamugwetsa mnzathu. Sinowo wa ku Scotland kawirikawiri amagwa wonyowa, kenako chisanu ndi mphepo zimamuumitsa n'kukhala gwaa. Pamenepo munthu amaphunzira kuluma pansi ndi mphepete mwa ski, kulemera konse kuli pamwendo wakunja. Ndi luso ndithu, sindikumunyoza. Koma ku Niseko m'mawa umenewo panalibe pansi poti alume.

Malo otsetserekera paphirili alipo anayi, Grand Hirafu, Hanazono, Niseko Village ndi Annupuri, ndipo amakumana kumtunda, tikiti imodzi n'kukuyendetsa konse. Ife tinayambira ku Hirafu, kumene malifiti oyamba, mipando yolendewera pachingwe yokweza anthu paphiri, anaikidwa mu 1961. Tikiti ya tsiku limodzi tsopano inadutsa mayeni 10,000, osawerengera kubwereka ski, nsapato, ndodo ndi chipewa cholimba. Musayerekeze kusintha m'makwacha, BP ingakwere. Aphunzitsi anatisankhira ski zazikulu m'lifupi, zoposa masentimita 10 pansi pa phazi, zoti zimayandama, ndipo mnzathu anazitenga akung'ung'udza kuti kwawo sagwiritsa zolemera chonchi. Nsapato zake n'zapulasitiki wolimba, zofika chapakati pa msongolo, zomanga ndi zitsulo. Ukazivala bondo limakhala lopindika pang'ono nthawi zonse, kuima mowongoka osatheka, ndipo kuchoka poimika galimoto kukafika pa lifiti, ski zili paphewa, thukuta limakhala litayamba kale pamene kunja kuli madigiri 10 pansi pa ziro.

Pamzere wa lifiti Chijapanizi chinkamveka mwa apo ndi apo. Kwambiri chinali Chingerezi cha ku Australia ndi Chitchaina. Anthu akuda tinalipo awiri okha, koma poti aliyense anali atadziphimba nkhope ndi magalasi ndi nsalu, palibe anadziwa. Tili pampando m'mwamba, chingwe chikutikoka, pansi pathu pankadutsa anthu oti umangowaona kuyambira m'chiuno kupita kumtunda, kumbuyo kwawo kukufuka fumbi loyera, ena akukuwa okhaokha ndi chimwemwe. Mnzathu anandigunda ndi chigongono nati, "Ndabwerera zimenezo."

Poyamba tinatsika m'njira yosalazidwa ndi makina, ndipo apo anaonetsadi kuti ku Glenshee sankapita kukamwa tiyi. Anatsika bwinobwino, n'kuima kumunsi mwamatama, kutidikira. Chinamupweteketsa ndi chimenecho. Titakweranso anangokhotera kumbali kumene makina sanapite, n'kudina mwendo wakunja monga anazolowera. Mwendowo unamira, unzake unapitiriza ulendo wake, ndipo munthu wamkulu, bambo wa ana awiri, anazyolika. Tinangoona ski imodzi ili m'mwamba ndi ndodo.

Kugwa pa sinowo wotere sikupweteka konse. Chopweteka n'kudzuka. Munayamba mwagwerapo pamulu wa madeya kuseri kwa chigayo? Ndiye muganize mulu wofika m'chiuno, wopanda pothera. Ukati utsamire dzanja, dzanja limalowa mpaka m'phewa. Ukabaya ndodo, yonse imamira osagunda kanthu. Ukaphiriphitha kwambiri umangodzikwirira. Sinowo amalowa m'khosi, m'manja a jekete, m'mphuno, ndipo ukapuma mofulumira amakutsamwitsa. Aphunzitsi anamukuwira nzeru yake: apingase ndodo ziwiri pamwamba pa sinowo, agwire pamene zapingasanapo, atsamire pamenepo. Anadzuka. Koma ski yakumanzere panalibe.

Ski ikavuka imapitiriza kuyenda yokha pansi pa sinowo, osasiya chizindikiro chilichonse. N'chifukwa chake akadaulo ena amamangirira kansalu kofiira kataliko kuti kazitsalira pamwamba. Ife tinalibe. Tinavula zathu n'kuyamba kufufuza, tikucheka sinowo ndi mchira wa ski mzere ndi mzere, phazi lililonse likumira mpaka m'ntchafu. Mnzathu atatenthedwa anakweza magalasi pamphumi, nthunzi ya thukuta inalowamo n'kuuma, ndipo kuyambira pamenepo ankaona dziko mwachimbuuzi. Patapita nthawi yoposa theka la ola aphunzitsi anaigunda kumunsi kwambiri, kutali ndi pamene tonse tinkalumbira kuti ili. Kuvalanso ndi ntchito ina: upondeponde kaye malo kuti alimbe, ukungunthe sinowo wa kunsi kwa nsapato, apo ayi chitsulo sichitseka. Kufufuza kumeneku kunandithera mphamvu kuposa kutsetsereka kwa tsiku lonse. Ndipo malipiro ake umawalandira pa lifiti, pamene thukuta lija lazizira pamsana iwe uli khale m'mwamba, mphepo ikukupeza paliponse.

Pa lifitipo aphunzitsi anatsegula kalasi. Miyendo iyandikane, kulemera kugawidwe mofanana pa ski zonse ziwiri. Pokhota osapotoza ndi mphamvu: umadina pang'ono, sinowo n'kukukankhira m'mwamba, ndipo pamene wapepukapo ndi pamene umatembenuka. Chachikulu ndi liwiro. "Achimwene, musaope kuthamanga. Mukapita pang'onopang'ono mumira." Kunena n'kosavuta. Ukaima pamtsetse n'kuona kuti ski zako zomwe sizikuoneka, mtima umakuuza kuti khalira zidendene kuti nsonga zituluke. Ukatero umayendadi, koma wakhala pampando woti palibepo, thupi lonse lalendewera pa ntchafu, ndipo sipatenga nthawi ntchafuzo zimayaka moto. Alendo ambiri amene amatheratu isanakwane 12 koloko amawatopetsa ndi mantha amenewa.

Inenso si katswiri ayi. Ndinaphunzirira konkuno pamapiri a m'mphepete mwa Sapporo, makamaka Teine, pamene panachitikira ena mwa masewera a Olimpiki a 1972, ndipo ndimatsika mwaulemu, mosadzionetsera. Koma kukhala ndi mlendo kuli ndi mtengo wake. Umatsalira kumbuyo kuti akagwa umupeze, umaima pamene sukanafuna kuima, ndipo pa sinowo wakuya kuima kulikonse ndi ngongole, chifukwa kuyambanso n'kumene kumadya mphamvu.

Chakumasana tinakwera mpaka kumtunda kwenikweni. Lifiti yomaliza ndi ya munthu mmodzimmodzi, kathabwa kakang'ono kolendewera pachitsulo, kopanda chotchinga kutsogolo. Kumeneko mitengo inatha, mphepo imawomba mmene ikufunira, ndipo chifunga chikadutsa kumwamba ndi pansi osazisiyanitsa. Umaima chilili koma mutu ukukuuza kuti ukuyenda. Potsika pa lifitiyo pali geti nambala 3. Ndi kampata chabe pachingwe cha malire, pali chikwangwani ndi wolondera. Anthu anali ndondondo, ski zili kumsana, kukwera wapansi kupita pansonga, ulendo wa mphindi ngati 20, kuti akatsikire kuseri kumene makina safika. Mnzathu atangoona anati tiyeni.

Apa tinakangana, amwene, kukangana kwenikweni, m'Chichewa, mphepo ikuwomba, wolondera akungotiyang'ana. Ine ndinati ayi. Iye anati wataya ndalama zambiri kuti afike kuno ndipo mwayi wina sudzapezekanso msanga. Ndinamuuza kuti kuseri kwa geti lamulo limafuna chipewa cholimba ndi kachipangizo kovala pachifuwa kotumiza chizindikiro, koti chigumukire chikakukwirira anzako akupeze, ndipo kachipangizoko tinalibe. Anati tikabwereke. Ndinamufunsa kuti ine ndikakwiririka akandifukula ndani, iyeyo amene m'mawa womwewo analephera kupeza ski yake yomwe? Mawu amenewa anamulasa. Anakhala duu nthawi ndithu.

Magetiwa ali ndi mbiri yake. Kale eni malo ankangomanga zingwe n'kuletsa, anthu n'kumalowa pansi pa zingwezo mozemba, ndipo ena anafera m'zigwa za phirili. Mkulu wina wa konko, Akio Shinya, ndi anzake anaona kuti kuletsa kokha sikupulumutsa munthu. Mu 2001 panakhazikitsidwa malamulo amene lero amatchedwa Niseko Rules: kunja kwa malire upite ndithu, koma udzere pageti, ndipo likatsekedwa usadutse. M'mawa uliwonse pamatuluka chenjezo lofotokoza mmene sinowo wagonera usiku ndi kumene mphepo yamuunjika. Zigwa zina, monga Haru no Taki ndi Yu no Sawa, n'zoletsedwa nyengo yonse. Ukalowa pansi pa chingwe atha kukulanda tikiti, ndipo ukasowa kunjako ndalama zokusakira ulipira wekha. Ine dongosolo limeneli ndimalilemekeza, chifukwa limatenga munthu ngati wamkulu woti asankha yekha. Koma likatero limafunanso kuti munthuyo adziyeze moona, ndipo awirife tsiku limenelo sitinali a kuseri kwa geti. Aphunzitsi pamkangano wonsewu sanaponyepo mawu. Ataona kuti tatha anangoti, "Tiyeni tikadye."

Tinadyera palesitilanti ina ya paphiri pomwepo, titaimirira nthawi yaitali kudikira mpando. Mbale ya ramen inali pamtengo woti ku Sapporo ndikanadya kawiri n'kutsala chenje. Aphunzitsi anangogula tiyi. Iwo anali atadya kale pa lifiti mpunga wawo woumba, onigiri, umene anausunga m'thumba lamkati kuti usaume ndi chisanu. Anatiuza kuti ali mwana ankabwera kuno ndi bambo awo pasitima, kugona m'tinyumba ta alendo ta mabanja, kudya zimene mayi wa panyumbapo waphika. Anthu a ku Australia atatulukira malowa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mbiri inawanda, kenako kunalowa ndalama za ku Hong Kong ndi Singapore, ndipo kwa zaka zingapo zotsatizana malo a ku Kutchan, tauni imene Hirafu ilimo, ndiwo ankakwera mtengo mofulumira kuposa kwina kulikonse m'Japan. Tinyumba tija tambiri tinagwetsedwa, pali mahotela agalasi. Ntchito zilipo, malipiro ndi abwinoko, koma wogwira ntchitoyo kupeza pogona n'kovuta. Achibale awo akafuna ski amapita ku timapiri ta m'matauni ang'onoang'ono kumene tikiti ndi yotsika. Zonsezi ankazinena akumwetulira, mmene anthu a kuno amanenera zowawa.

Titadya tinawolokera ku Hanazono n'kulowa m'mitengo ya m'kati mwa malire. Ndi mitengo ya makungwa oyera, yopindikapindika, yotalikirana bwino, nthambi iliyonse itasenza sinowo. Pansi pake pali nsungwi zazifupi zothithikana zoti nyengo yotentha sungadutsemo, koma zonse zinali zitagona pansi kwambiri. M'mitengo mphepo imachepa ndipo maso amapeza poyang'ana. Aphunzitsi anatichenjeza ziwiri: tiziyang'ana mipata osati mitengo, chifukwa kumene wayang'ana n'kumene umapita, ndipo tisayandikire tsinde, poti m'mbali mwake mumakhala dzenje lobisika loti ukagweramo chamutu wekha sutuluka.

Ndi mmenemo momwe zinamugwirira mnzathu. Kaya ndi kutopa kumene kunamuthera mphamvu zolimbana ndi phiri, kaya ndi mkwiyo wa pageti paja, anangoloza ski kumunsi n'kuzisiya. Ndinamuona akumira n'kutumphuka, kumira n'kutumphuka, sinowo akumuwaza pachifuwa mpaka kumaso, ndipo ndinasolola foni zala zili gwaa. Ndisakunamizeni, zikagwira zimakoma. Phokoso la ski limatha, mawondo samva kugunda kulikonse, ndipo kwa kanthawi kulemera kwako sukumva. Anthu amene amasunga ndalama chaka chonse kuti abwere kuno ndimawamvetsa. Kavidiyo munaona kaja n'ka pamenepo. Chimene simunaone n'chakuti atacheuka kuti aone ngati ndikujambula, phewa linakhudza nthambi, mtengo n'kumukhuthulira katundu wake yense pamutu, iye n'kukhala pansi ali mbuu. Pochoka apo tinapezeka tili pamalo athyathyathya liwiro litatithera, ndipo tinachita kudzikoka ndi ndodo, thukuta lili kamukamu, mpaka kukafika panjira.

Kuno mu Januwale dzuwa limalowa 4 koloko itangopitirira pang'ono. Magetsi a ku Hirafu anayaka, mtsetse wonse kuwala, anthu ena ndiye akungoyamba kumene. Mnzathu anati, ndi mawu a munthu wofuna kukanizidwa, "Nanga za usikuzi?" Palibe anamuyankha. Kutsika komaliza kunali kwamanyazi. Njira inali itakumbikakumbika ndi anthu a tsiku lonse, milu yokhayokha, ndipo miyendo yanga inali itasiya kundimvera. Ndikati khota, iyo inkakhota nthawi itapita. Tinkatsika pang'ono, kuima, kuwerama pa ndodo tili wefuwefu, tiana tofika m'chiuno tikutidutsa pamzere kumbuyo kwa mphunzitsi wawo. Pofika pagalimoto mnzathu analephera kumasula zitsulo za nsapato, zala zitakana, ndipo ndinachita kumugwadira n'kumuvula.

Tisanabwerere aphunzitsi anatitengera ku onsen, kasupe wa madzi otentha otumphuka pansi pa mapiri amotowa. Malamulo ake: amuna kwawo akazi kwawo, zovala zonse usiye m'dengu, ukhale pakampando usambe ndi sopo mpaka uyere, kenako ulowe m'dziwe, kathawulo kali pamutu osakaviika m'madzi. Munthu woti ntchito yake n'kusambitsa odwala tsiku ndi tsiku anaima pakhomo kakasi, akuti sangavule pamaso pa madala amsinkhu wa bambo ake. Madalawo analibe naye ntchito. Pomaliza kuzizira kunamugonjetsa. Dziwe lake linali panja pakati pa miyala, madzi otentha mpaka m'khosi, sinowo akugwera pamutu, tsitsi la aphunzitsi litauma ndi chisanu. Mmenemo ndi mmene anandiuza kuti za pageti zija ndinkanena zoona, koma mawu a ski yotayika aja sadzandikhululukira.

Pobwerera tinadzera m'tauni ya Kutchan kukathira mafuta. Kumeneku ndi kwa alimi a kachewere, ndipo chizindikiro cha tauniyo ndi kachewere wovala ski. Kulinso chiboliboli cha Theodor von Lerch, msilikali wa ku Austria amene anayamba kuphunzitsa anthu a ku Japan ski mu 1911 n'kufika kuno mu 1912, masiku amene ankatsetsereka ndi ndodo imodzi yokha yaitali. Koma chimene chinandikhudza ndi agogo ena aakazi tinawaona pakhomo pawo usiku umenewo, msana wowerama, akukankha chifosholo chachikulu chogwira ndi manja awiri, kulambula njira yolowera m'nyumba. Mawindo apansi a nyumbayo anali atakwiririka kale. M'mawa mwake adzayambanso, mpaka Malichi. Chaka chilichonse m'madera a sinowo a dziko lino okalamba ena amafa pogwa padenga akuchotsa sinowo kuti nyumba isaphwanyike. Mnzathu anawayang'ana nati, "Ife talipira kuti titope, awa akutopa ulere." Kenako anagona, n'kudzidzimuka tili pakhomo ku Sapporo.

Lamulungu sitinatuluke m'nyumba. Ndinaphika nsima ya ufa umene anandibweretsera, ndiwo nyemba, tinadya titatambalala pansi. Wabwerera Lachitatu, ndipo pabwalo la ndege anali atayamba kale kukonza za chaka chamawa, akuti tidzapite atatu, inu mulipo. Ndamuuza kuti za tikiti ya ndege akambirane nanu yekha. Koma mukadzaganiza zobweradi, mubwere kumayambiriro kwa Febuluwale mudzaonenso chikondwerero cha ziboliboli za sinowo chimene chakhala chikuchitika mu Sapporo muno kuyambira 1950, ndipo miyezi itatu musanakwere ndege muzikwera phiri la Zomba wapansi, podzera Potato Path, Loweruka lililonse. Tsiku loyamba ndidzakuikani m'kalasi ya tiana tija, ndipo musadzanditsutse.

Mnzathuyo akuti abwera kumudzi pa Isitala. Ndamupatsira kaphukusi kanu: muli timapaketi totenthetsa timene kuno timaika m'matumba ndi m'nsapato. Mukang'amba pulasitiki yakunja, m'katimo muli ufa wa chitsulo umene ukakumana ndi mpweya umatentha kwa maola angapo. Muwasungire amayi adzagwiritse ntchito mu Juni pa mawondo awo aja, koma asadzaike pakhungu penipeni kapena kugona nato, timaotcha. Iye akamabwerera mumupatsire kambuzi wouma, anditumizira ali ku Glasgow.

Mvula ikugwa bwanji chaka chino? Chimanga cha kumunda wa ku Domasi chija mwathira wachiwiri, kapena feteleza wavutanso? Nanga mwana wanu wamkulu uja, teremu yoyamba ya fomu 4 inamuyendera bwanji? Mundiyankhe ndi kalata yeniyeni, osati timawu tiwiri ta pafoni. Moni kwa alamu, kwa amayi, ndi kwa anyamata onse a pabawo.

Ine mnzanu,
wa ku Sapporo